M'mera mpoyamba: mbande za chamba kuseri kwa nyumba zathu

Kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loyendetsa ulimi wa chamba m'mwezi wa Febuluwale 2020, mphekesera imodzi yafala m'midzi ngati moto wolusa, yoti boma linaloleza chamba. Mphekeserayi inafikanso pa Njuli pano, m'boma la Chiradzulu, pamene inu abale athu a ku Mangochi mumadutsa popita ndi usipa ku Limbe. Zipatso zake makolo ena akuziona ndi maso. Kuseri kwa bafa, pakati pa nthochi kapena m'mphepete mwa dimba la mpiru, akupeza timachubu ta mbande za masamba onga zala za dzanja, ndipo mwini wake ndi mnyamata wa pakhomo pomwepo. Akafunsidwa amati ndi mankhwala, mwinanso amati ndi ulimi wamakono. Ife tikunena kuti mbande zimenezi n'zoletsedwa m'malamulo a dziko, n'zoletsedwanso m'Shariya, ndipo woyenera kuyamba kulankhulapo ndi kholo, apolisi asanagogode pakhomo.

Tiyambe ndi lamulo la dziko. Chimene aphungu analoleza mu 2020 ndi ulimi wa chamba chopangira mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale, chimene amapangira zingwe, nsalu, mapepala ndi mafuta. Mtundu wa m'mafakitalewu unayamba wayesedwa kwa zaka zingapo ku malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe, ndipo mphamvu yake yoledzeretsa, yotchedwa THC, siyenera kupitirira gawo limodzi pa magawo 100. Aliyense wofuna kulima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Pamene ziphasozi zinayamba kuperekedwa, cha chamba cha mankhwala chinali pa mtengo wa madola 10,000 a ku America, ndipo cha m'mafakitale chinali madola 2,000. Mnyamata wa timachubu khumi kuseri kwa bafa alibe chiphaso chotere. Iye akuweruzidwabe ndi lamulo la mankhwala oopsa, limene limati kubzala, kusunga, kugulitsa ndi kusuta chamba ndi mlandu wopita nawo kundende. Ngakhale pamene aphungu anagwirizana mu 2024 zoti chamba chathu cha kuno chizilimidwanso, ankanena za ulimi wa chiphaso. Kusuta sikunalolezedwe.

Tsopano tibwere ku chipembedzo. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Maida ndime 90 ndi 91, inaletsa zoledzeretsa, ndipo Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zipite kwa iye) anafotokoza kuti chiletsochi chikukhudza chilichonse chophimba nzeru, posayang'ana dzina lake. Anyamata ena amatsutsa kuti dzina la chamba mulibe m'Qur'an. Mtsutso umenewu ndi wakale. Chamba chitafala m'maiko a Egypt ndi Syria zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, maulama anachifufuza, ndipo Sheikh Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, anagamula kuti n'chaharaam monga mowa. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anali ataphunzitsa kale kuti Shariya inabwera kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mbumba ndi chuma. Tiyeni tidzifunse moona mtima kuti pa zisanuzi chamba chosuta chimasiya chiti chili chamtunthu.

Wina adzati: "Ine sindisuta, ndikungolera mbande kuti ndidzagulitse." Maulama ambiri anayankha kale pogwiritsa ntchito chitsanzo cha mphesa. Mphesa ndi chipatso cha halaal, koma kugulitsa mphesa kwa munthu amene ukudziwa kuti akukafulula mowa n'koletsedwa, chifukwa wamuthandiza pa tchimo. Nanga mlimi wa kuseri kwa bafa adzagulitsa kwa yani? Fakitale ya zingwe sigula kwa munthu wopanda chiphaso, ndipo chipatala sichigula chamba chokulungidwa m'makungwa a nthochi. Wogula wake ndi mwana wa mnansi, mwana wa sukulu, kapena mnyamata wopalasa bwato ku Nkhotakota ndi ku Salima. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalama yobwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mutu wa mwana ameneyu ilibe madalitso, ngakhale itagula thumba la feteleza.

Sitikunena kuti mmera womwewo ndi wotembereredwa. Allah analenga zomera zonse, ndipo chigamulo chimatsata ntchito imene munthu akufuna kugwiritsa. Chingwe kapena nsalu yochokera ku chamba cha m'mafakitale siiledzeretsa munthu. Mankhwala olembedwa ndi dokotala wodziwa ntchito yake, pamene palibe ena olowa m'malo, ali ndi chigamulo chawo m'Shariya. Dziko la Morocco, limene anthu ake pafupifupi onse ndi Asilamu, linaloleza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu 2021, koma kusuta linakusiya kuli koletsedwa. Choncho Msilamu wofuna ulimi umenewu adutse pakhomo loyenera: afunse ku bungwe lopereka ziphaso, alowe m'gulu la alimi lovomerezeka, ndipo asapereke ndalama kwa munthu amene sakumuonetsa chiphaso ndi msika. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi timachubu tobisidwa kwa amayi ndi abambo. Chinthu chimene mwana akuchibisa kwa makolo ake chadziweruza chokha.

Pali chinanso chimene madokotala amachenjeza. Ubongo wa munthu umapitirira kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo kusuta chamba kawirikawiri pa msinkhu wocheperapo kumafooketsa kukumbukira, kumachepetsa chidwi pa maphunziro, ndipo mwa ena kumadzutsa matenda a misala. Aphunzitsi a kumadrasa ndi a kusekondale amaudziwa mwana wotere: anali woloweza msanga, lero wangoti duu, maso ofiira, swala ya m'bandakucha anaisiya kalekale. Msewu wodutsa pa Njuli, ukaloza kumwera ukufikitsa ku Blantyre kumene kuli ndende ya Chichiri, ukaloza kumpoto ukufikitsa ku Zomba kumene kuli chipatala chachikulu cha odwala matenda a ubongo. Palibe kholo limene linabereka mwana kuti lidzamutengere phoso ku malo awiriwa.

Koma tisaweruze ngati anthu osadziwa umphawi. Chiradzulu ndi boma lothithikana, minda ndi yaing'ono, ndipo achinyamata ambiri amadya chifukwa choswa miyala m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu. Kwa mnyamata wotere, mbewu yogulitsidwa msanga pa mtengo wokwera ndi yesero lalikulu, ndipo kumuuza kuti "haraam" kenaka n'kumusiya chimanjamanja ndi theka chabe la udindo wathu.

Tiyang'anenso timachubu tija ndi diso lina. Mnyamata amene wakwanitsa kumeretsa njere, kuipangira mthunzi, kuithirira m'mawa ndi madzulo osaphonya ndi kuiteteza ku nkhuku, waonetsa luso ndi kupirira kwa mlimi wa nazale. Lusoli n'limene boma lathu likulisowa. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Chiradzulu n'kukwirira nyumba ndi anthu, ndipo tonse tinaona mmene mapiri athu ameteredwa. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo masukulu, mabungwe ndi mabanja amafuna mbande za mibawa, mitsangu, mango, mapapaya ndi mapeyala. Alimi a m'madimba amafunanso mbande za tomato, kabichi ndi anyezi. Mtumiki anatiphunzitsa kuti mtengo umene anthu ndi mbalame adzadyako umalembedwa ngati sadaka kwa amene anaubzala.

Pempho lathu n'loti makolo tiziyendera kuseri kwa nyumba zathu. Tikapeza mbande zachilendo, tikhale pansi ndi mwana mofatsa, tiitane amalume ake kapena Sheikh amene iye amamulemekeza, ndipo azule yekha ndi manja ake. Ngati anayamba kale kusuta, timutengere kuchipatala msanga, tisamubise chifukwa cha manyazi. Makomiti a mizikiti nawo apatule kachigawo ka malo ndi kandalama kochepa kogulira timachubu, njere ndi makheni, kuti achinyamata akhale ndi nazale yawo yoonekera poyera. M'mera mpoyamba. Mbande imazulidwa ndi zala ziwiri, koma chizolowezi chikakhwima chimatopetsa mudzi wonse.

Allah atetezere nzeru za ana athu, ndipo awatsegulire makomo a riziki la halaal. Ameen.