Chakudza sichiyimba ng'oma: nanga ana tikuwauza chiyani?

Akulu akale anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo ife a ku Mzuzu mwambiwu tauona ndi maso. Mu Epulo 2016 mvula inavumba masiku angapo osakata, nyumba zinagwa m'madera ambiri a mzinda uno, anthu anamwalira, mabanja n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mu 2022 kolera inavuta kwambiri ku Nkhata Bay, pafupi pomwepa, ndipo pomafika pakati pa chaka cha 2023 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa 10 Juni 2024 ndege yomwe inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8 inalephera kutera pabwalo lathu lomweli chifukwa cha nyengo, kenaka n'kukagwa ku Chikangawa. Ana a dera lathu la Katawa zonsezi anazimva, ena pawailesi, ena pafoni za achimwene awo, ena pampopi potunga madzi. Mwana amene anali mu sitandade 1 chaka cha mvula chija lero ndi wamkulu ndithu, ndipo wakulira m'nkhani zoterezi.

Mwambi uja timaunena akuluakulu tokhatokha tikakhala pasiwa, ana sitiwauzako. M'mipingo yathu yambiri, posasankha dzina, Sande sukulu imaphunzitsa ngati kuti Mkhristu tsoka limamulambalala. Danieli atuluka m'dzenje la mikango osakandika, Davide agwetsa Goliati, anyamata atatu atuluka m'ng'anjo yamoto. Nkhanizi ndi zabwino, tiziwauzabe. Koma tsegulani Machitidwe mutu 12. Mutu womwewo umene mngelo akutulutsa Petro m'ndende ukuyamba ndi Herode akupha Yakobo ndi lupanga. Onsewo anali atumwi, onsewo anayenda ndi Yesu. Ife timayambira pa Petro, za Yakobo n'kudumpha. Mwana amene wangomva za Petro yekha, tsiku limene amayi ake sadzabwerako kuchipatala atawapempherera usiku wonse, adzaganiza kuti Mulungu ndi wabodza kapena kuti pemphero lake linali loperewera. Maganizo awiri onsewa ndi katundu wosayenera mwana wa zaka 8.

Tsoka likagwa timathamangira mawu ofewa. Timati agogo apita kuulendo, mwana n'kumadikira pakhomo miyezi. Timati Mulungu wawakonda ndiye wawatenga. Akulu timamva chomwe tikutanthauza, koma mwana amatenga mawu momwe alili, ndipo ena amayamba kuopa kukondedwa ndi Mulungu wotenga anthu. Ndikhulupirira kuti onena mawuwa amanena ndi mtima wabwino. Komabe mwana akadzazindikira kuti ulendo uja kunalibe, amakayikanso zina zonse zomwe pakamwa pomwepo panamuuza, kuphatikizapo za kuuka kwa akufa.

Pali yankho lina loopsa kuposa apa, ndipo ndi limene ana amalimva kawirikawiri chifukwa limanenedwa monong'ona kuseri kwa nyumba, kumene iwo amasewera. Amati imfa iyi si yabwinobwino, pali munthu. Azakhali aja, agogo aja a kumudzi, mnansi uja anamukana ngongole. Mu Januwale 2016 ku Neno gulu la anthu linapha okalamba 4 mtsikana wina ataphedwa ndi mphenzi. Amene ananyamula zida tsiku limenelo anali ana tsiku lina, ndipo anaphunzira kwa akulu awo kuti imfa iliyonse ili ndi mwini wake. Masiku ano maganizo omwewa amavala malaya a Chikhristu. Mlaliki wina amauza banja losweka mtima kuti mwana wadwala chifukwa cha temberero la kumtundu, kapena chifukwa bambo sapereka chakhumi. Mwana ali pamenepo, akumva, ndipo akuphunzira kuti Mulungu ndi wamalonda komanso kuti agogo ake ndi mdani.

Yesu anakumana ndi funso lomweli kawiri, ndipo kawiri konse anakana kuloza munthu chala. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena poyera kuti iwowo sanali ochimwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa ngati munthu wobadwa wosaona analakwa ndi iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri, n'kumuchiritsa. Nkhani ziwirizi mwana wa sitandade 3 angazimve bwinobwino. N'chifukwa chiyani sitiziphunzitsa chaka ndi chaka monga timachitira ndi Nowa ndi chingalawa chake?

Zinthu zina zili ndi chifukwa chodziwika, ndipo kubisira mwana chifukwacho m'dzina la chikhulupiriro ndi kumulakwira. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi. Nyumba ya zidina zosawotcha yomangidwa potsetsereka kapena m'dambo imagwa dothi likakhuta madzi. Malungo amabwera ndi udzudzu. Mwana amene akuona amayi ake akuthira klorini m'ndowa kenaka n'kupempherera chakudya akuphunzira Chikhristu chenicheni. Sinodi ya Livingstonia, imene mpingo wa Katawa CCAP uli pansi pake, inabadwira pakati pa manda. Amishoni anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo m'zaka zochepa anaika m'manda anzawo angapo chifukwa cha malungo, mmodzi wa iwo Dr William Black amene anamwalira mu 1877. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Dr Robert Laws ndi anzake sanasake mfiti, ndiponso sanangokhala pansi n'kumati ndi chifuniro cha Mulungu. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka anakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894, namanga sukulu ndi chipatala. Ana athu amadziwa dzina la Laws chifukwa cha mayeso a kusukulu, koma za misozi yomwe inali m'ntchitoyo sitiwauza.

Tikatha kufotokoza zonse zofotokozeka pamatsalabe funso limene palibe kholo lingaliyankhe: nanga bwanji amayi anga, osati a wina? Apa ndipempha makolo anzanga kuti tisaope kunena kuti, "Mwanawe, ineyo sindikudziwa, nanenso zikundipweteka." Yobu sanauzidwe chifukwa chomwe ana ake anafera, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anadzudzula abwenzi a Yobu amene anali ndi yankho pa chilichonse. Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa kuti posachedwa amuukitsa. Ngati Iye analira, mwana wamwamuna wa zaka 10 timamuuziranji kuti alimbe mtima, mwamuna salira? Pakati penipeni pa chikhulupiriro chathu pali Mwana wa Mulungu amene anapempha m'munda kuti chikho chimupitirire, koma chikhocho anamwa. Mwana wamasiye akamva zimenezi amadziwa kuti amene akumupempherayo ululu akuudziwa.

Ena adzati ana ndi aang'ono, tisawaopseze ndi za imfa. Ndikuwamvetsa, ndipo sindikunena kuti mwana wa zaka 4 timuuze zonse zimene dokotala ananena. Muyeso ulipo. Koma m'nyumba zathu zothithikana za ku Katawa, komwe kulira kwa banja limodzi kumamveka mzere wonse, mwana wamva kale. Chatsala n'chakuti afotokozeredwe ndi amene amamukonda, asanafotokozeredwe ndi mnzake wa pabwalo la mpira. Tinawaphunzitsa tokha kuti safunsa anadya phula, ndiye akafunsa za Mulungu tisawakalipire kuti akuchita mwano.

Dera lino latulutsa a Katawa Singers, amene nyimbo zawo zatonthoza anthu m'dziko lonse. Tili ndi amayi a Umanyano amene amachezera kuyimba pasiwa mpaka tambala kulira, ndi abambo amene amasonkha ya bokosi pomwe m'matumba mwawo muli mochepa. Mwana wosinkhukirapo tisamamuthamangitse pamalo oterewa. Atunge madzi, anyamule nkhuni, aone ndi maso ake kuti mpingo umafika munthu akagwa. Funso loti Mulungu anali kuti limayankhidwa pang'ono pamenepo, pamene mwana aona anthu a Mulungu atakhala pamphasa ndi amayi ake usiku wachitatu.

Kwa aphunzitsi a Sande sukulu, pempho langa ndi ili. Mwana wa m'kalasi mwanu akaferedwa, sabata yotsatirayo phunziro la m'buku lidikire. Lolani ana afunse, muwayankhe zoona, ndipo masana mupite nawo kukamuona mnzawo, ngakhale mutanyamula paketi imodzi ya shuga. Dzina lake lilembedwe m'buku la madikoni. Pakatha miyezi itatu, anthu achipepeso atabalalika ndipo katundu atagawidwa, wina akafunse ngati mwanayo akupitabe kusukulu, akugona kwa yani, komanso amene akumulipirira fizi.