Mukafika ku Cape Town, pitirirani kuseri kwa mapiri

Ambiri a inu muli ndi mbale ku Joni. Ena mwa abale amenewa sanaonepo n'komwe Johannesburg, kungoti ife kuno dziko lonse la South Africa timangoti ku Joni. Ali kummwera kwenikweni, m'matauni ang'onoang'ono a m'chigawo cha Western Cape, kumene amathyola mphesa ndi maapozi, ena amalongedza zipatso m'makatoni. Ine ndinapitako mwezi wa February, nthawi yokolola mphesa, kukaona mwana wa mkulu wanga amene anali ndi pathupi poyamba. Ndinakhalako masabata awiri, ndipo ndikufuna ndikuuzeni kuti mukapeza mwayi wa ulendo wotere musathere masiku onse m'misika ya mu Cape Town. Kwerani basi mupite kumidzi ya zipatso. Koma mupite ndi maso onse awiri.

Njira yake siyovuta. Msewu wa N1 umadutsa ku Paarl, kenako umalowa m'phiri. Ngalande imeneyi, ya Huguenot, ndi yotalika pafupifupi makilomita 4 ndipo anaitsegula mu 1988. Mukatulukira kuseri mumapezeka m'chigwa cha mtsinje wa Breede, minda ya mphesa ili ndandanda mpaka m'tsinde mwa mapiri. Tauni ya Worcester ndiyo mphambano: kwina mupita ku Robertson ndi Montagu, kwina ku Ceres ndi Tulbagh, ndipo mukapitirira ndi N1 mufika ku De Doorns, kwawo kwa mphesa zodya.

Ceres mumaidziwa kale dzina, chifukwa lili pa mapaketi a juwisi m'magolosale athu. Tauniyo ili m'beseni la mapiri, ndipo mumalowamo kudzera pa Michell's Pass, msewu wokhotakhota umene unatsegulidwa mu 1848. Nyengo yozizira pamwamba pa mapiri ake pamagwa chipale chofewa, ndipo kuzizira kumeneku ndi kumene maapozi amafuna kuti abereke. Wochokera ku Dedza kapena ku Tsangano sangadabwe kwambiri ndi mphepo yake. Ku Tulbagh kuli msewu umodzi, Church Street, umene anthu amachokera kutali kudzauona. Chivomezi cha pa 29 September 1969 chinagumula nyumba zambiri kumeneko, ndipo zinamangidwanso monga zinalili kale, makoma oyera ndi madenga a udzu. Ndinaima pamenepo n'kuseka ndekha. Denga la udzu limene ife timachita nalo manyazi, kumeneko ndi la anthu a ndalama, ndipo alendo amalijambula.

Kumene kunandikhudza ngati mayi wa pakhomo ndi ku Montagu. Msewu wopita kumeneko umadutsa pa bowo limene anaboola m'thanthwe. Tauniyo imadziwika ndi zipatso zoumitsa. Mapichesi ndi zipatso zina amazidula pakati, n'kuziyanika pa matebulo padzuwa, n'kuzigulitsa chaka chonse. Palibe matsenga: mpeni, dzuwa, ukhondo ndi pepala labwino lolongedzera. Ndinakumbuka mango amene amaola pansi pa mitengo ku Salima mwezi wa December, ana omwewo n'kudzasowa chipatso mu July. Magulu athu a amayi akanaona zimenezi ndi maso, sindikhulupirira kuti akanabwerako chimanjamanja.

Tsopano diso lachiwiri. Tauni iliyonse ya kumeneko ili ndi nkhope ziwiri. Kuli mbali ya tchalitchi choyera, mitengo ya mthunzi ndi nyumba zolawira vinyo, kumene mlendo amakhala pansi, amamuthirira pang'ono m'matambula asanu, n'kumamufotokozera fungo la chilichonse. Ndiye kuli mbali ina, kutsidya kwa msewu kapena njanji, kumene kumagona anthu othyola mphesazo. Ku Robertson mbali imeneyi ndi Nkqubela. M'bandakucha malole amadzatenga anthu, ataimirira kumbuyo mothithikana, ndipo amawabweza dzuwa litalowa. Ntchito yambiri ndi ya nyengo. Zokolola zikatha, ndalama nazo zatha. Mu 2012 ogwira ntchito m'mafamu a ku De Doorns ananyanyala ntchito chifukwa malipiro otsikitsitsa anali marandi 69 patsiku, ndipo chaka chotsatira boma linawakweza kufika pa marandi 105. Kabuku ka alendo sikanena zimenezi.

Sikanenanso za dop. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, ndipo minda yoyambirira inalimidwa ndi akapolo. Ukapolo utatha, mafamu ambiri anapitiriza chizolowezi cholipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, kangapo patsiku, kuyambira m'mawa. Chizolowezicho ndicho dop. Chinkamangirira munthu pa famu kuposa unyolo, chifukwa woledzera tsiku ndi tsiku sapita kukafuna ntchito kwina. Lamulo linachiletsa kalekale, koma m'mafamu ena chinapitirirabe mpaka zaka za m'ma 1990. Lero palibe amene angavomere kuti amalipira ndi vinyo. Koma chimene agogo anazolowetsedwa sichichoka ndi lamulo. Lachisanu madzulo, malipiro akatuluka, vinyo wotchipa wa m'zigubu za pulasitiki amayenda ngati madzi.

Apa ndiye pamene uzamba wanga unadzuka. Mayi woyembekezera akamwa mowa, mowawo umadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo chiwindi cha mwana wosabadwa sichingathe kuuchotsa monga chimachitira cha munthu wamkulu. Umaononga ubongo umene ukupangidwa kumene. Mwana amabadwa wochepa thupi, mutu waung'ono, nthawi zina mlomo wapamwamba wopyapyala ndipo kampata ka pakati pa mphuno ndi mlomo kamakhala kosalala. Ambiri nkhope zawo sizionetsa kanthu. Vuto limadzaonekera ku sukulu: sagwira zimene waphunzira dzulo, sakhazikika, sachedwa kupsa mtima, ndipo aphunzitsi amangoti ndi wopulupudza kapena mbuli. Madokotala amati fetal alcohol syndrome. Mankhwala ochiza palibe. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2000, wochitika pakati pa ana a kalasi yoyamba m'tauni ina ya dera la mphesali, anapeza ana oposa 40 mwa 1,000 aliwonse ali ndi vutoli, chiwerengero chimene panthawiyo chinali chisanaonekepo kwina kulikonse padziko. Bungwe la FARR, limene linayamba mu 1997, lakhala likulimbana ndi nkhaniyi m'madera amenewa, ndipo tsiku la 9 September chaka chilichonse ndi lokumbutsana za vutoli padziko lonse: tsiku lachisanu ndi chinayi la mwezi wachisanu ndi chinayi, pokumbukira miyezi ya pathupi.

Sindinayende m'misewu n'kumaloza ana kuti uyu ali nalo, uyu alibe. Nkhope yokha siyokwanira, ndipo mlendo alibe ufulu umenewo. Chimene chinandiopsa chinali m'nyumba momwe ndinkagona. Tsiku lina madzulo, ndikusenda anyezi, mwana wa mkulu wanga uja anati, "Amayi aang'ono, anzanga kuntchito akuti ndizimwako vinyo wofiira pang'ono, akuti amawonjezera magazi." Anali asanayambe, koma botolo linali kale pa shelefu, mphatso ya mnzake womufunira zabwino. Ndinati, "Mwana wanga, kufiira kwa vinyo si magazi. Mapilitsi amene anakupatsa ku sikelo aja ndiwo a magazi. Chimene wamwa iwe, wamwanso ali m'mimbayo, ndipo palibe amene anapezapo mlingo woti uwu ndi wosaopsa." Tinakambirana mpaka ndiwo zinapserera. Mwamuna wake, amene ndinkaganiza kuti sakumva, ndiye anatenga botolo lija n'kukapatsa aneba.

Mwina mukuti, ndiye bwanji mukutiuza kuti tipiteko? Ena anganene kuti vinyo wa kumeneko tingomusiya osagula. Ine sindikugwirizana nazo. Vinyo payekha si mdani, ndipo ife tomwe timamuona pa guwa tsiku lililonse la Mulungu. Alendo akasiya kubwera, woyamba kuchotsedwa ntchito si mwini famu, ndi mtsikana wotsuka matambula uja, mwinanso mwana wa mkulu wanga. Chimene ndikukana ndi ulendo wa munthu wotseka diso limodzi. Mukakhala m'nyumba yolawira vinyo, funsani mwaulemu kuti antchito amagona kuti, ana awo amaphunzira kuti, ndipo mayi woyembekezera amapita bwanji ku sikelo nthawi yokolola. Mafamu ena amayankha mokondwa, amakuonetsani sukulu ya mkaka ndi chizindikiro cha Fairtrade pa botolo. Ena amasintha nkhani. Mukatero mwadziwa koyenera kusiya ndalama zanu. Ndipo ngati muli ndi mbale kumeneko, musakumane naye pa siteji ya basi pokha. Kagoneni kwake usiku umodzi, muone chimene chili pa shelefu.

Ndili m'basi pobwerera ndinadzifunsa ndekha mafunso osakoma. Ndaphunzitsa anamwino ndi azamba kwa zaka zambiri. Za malungo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi ndi HIV timatha nazo masabata. Za mowa pa nthawi ya pathupi ndinkazidutsa m'mphindi khumi, ngati kuti amayi athu samwa. Chonsecho tonse tikudziwa amene amatcheza kachasu, ndipo wotcheza amalawa. Tikudziwa masese a pa zikondwerero ndi pa maliro. Tikudziwanso dima, pamene anthu amalima m'munda wa mnzawo n'kulandira mowa, ndi ganyu amene malipiro ake amathera pa botolo munthu asanafike kunyumba. Sindikunena kuti dima ndi dop, ayi, dima ndi kuthandizana kwa anthu ofanana. Koma mwana ali m'mimba sasiyanitsa kumene mowa wachokera. Ku sikelo mayi sangayambe yekha kunena kuti amamwa, makamaka pa chipatala cha mpingo, pamene akuopa kuti tim'dzudzula. Tiyenera kufunsa ife, motsitsa mawu, popanda ena kumva, monga momwe timafunsira ngati akugona m'neti. Chaka chino ophunzira anga ndawawonjezera phunziro lathunthu, ndipo aliyense amayeserera kufunsa funso limeneli mpaka litasiya kumveka ngati mlandu.

Mwana uja anabadwa mu June, ku Ceres kutayera pamwamba pa mapiri. Ndi wamkazi, makilogalamu 3.2. Chithunzi chitafika pa WhatsApp, mkulu wanga anayamba kulongosola kuti wafanana ndi ndani. Ine ndinachikulitsa ndi zala ziwiri, ndinayang'ana kaye mlomo wapamwamba, kenako ndinayamba kululutira.