Amayi osiya kusamba akusowa polowera kuchipatala

Pa 18 Okutobala chaka chilichonse maiko amakumbukira tsiku loganizira amayi amene afika pa msinkhu wosiya kusamba. Kuno kwathu tsikuli limadutsa mwakachetechete, ndipo chetechete yemweyo ndi amene amakumana naye mayi wa ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe thupi lake likayamba kusintha.

Mayi wa m'derali sakhala kutali ndi chithandizo. Chipatala cha Kawale chili pafupi, cha Bwaila ndi cha Kamuzu Central n'zofikirika. Koma makomo amene adazolowera kulowa ndi a sikelo ya amayi oyembekezera, chikuta, sikelo ya ana ndi kulera. Onsewo amamudziwa ngati wobereka. Akasiya kubereka, palibe khomo lolembedwa dzina la vuto lake. Ngakhale kafukufuku wa zaumoyo wa m'makomo, yemwe bungwe la National Statistical Office limachita, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 basi.

Malinga ndi bungwe la World Health Organisation, amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo zimatsimikizika pakatha miyezi 12 yotsatizana popanda msambo. Chimachititsa n'kuchepa kwa mahomoni, makamaka estrogen. Zaka zingapo msambo usanaleke, mayi atha kumamva kutentha kodzidzimutsa kumaso ndi pachifuwa, kutuluka thukuta usiku, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuiwalaiwala komanso kuuma kwa njira ya abambo.

Apa m'pamene pamasokonekera zinthu. Kutentha thupi ku Malawi kuno aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo, pomwe thukuta la usiku limakumbutsa chifuwa chachikulu. N'zoyenera kuti wachipatala ayeze matenda amenewa. Funso ndi lakuti zotsatira zikasonyeza kuti palibe, chimatsatira n'chiyani? Pamzere wa anthu ambirimbiri, njira yachidule ndiyo kulemba panado m'buku la kuchipatala n'kuitana wina. Funso limodzi lokha, lakuti mayiyo adasamba liti komaliza, likanatha kumasula zonse. Nayo jakisoni ya Depo, yomwe amayi ochuluka amalerera, imaimitsa msambo kwa ena, kotero mayi sadziwa ngati wasiyiratu kapena ndi mankhwala. Wina amaleka kulera msanga n'kutenga pathupi ali ndi zidzukulu, chonsecho malangizo a madokotala ndi oti apitirize kulera kwa chaka chimodzi kuchokera pa msambo womaliza ngati wapyola zaka 50, kapena zaka ziwiri ngati sanafike.

Choopsa kuposa zonse ndi magazi amene amabwera mayi atasiya kale kusamba. Ambiri amangoti msambo wabwerera, ena mpaka kuseka kuti abwerera kuutsikana. Magazi otere atha kukhala chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero kapena ya chiberekero chenichenicho, ndipo Malawi ili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Kuyeza kofala kwa viniga kumalunjika kwambiri amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo sikudalirika kwenikweni pa mayi wosiya kusamba chifukwa malo amene namwino amafuna kuona amakhala atabisala mkati. Mayi wotere ayenera kutumizidwa msanga kwa dokotala wa matenda a amayi, asanataye miyezi akumwa zitsamba.

Chikhalidwe chathu chidaika mwambo pa chiyambi cha msambo: namwali akatha msinkhu amalangizidwa ndi anamkungwi, ndipo masiku ano alangizi a kumpingo adatenga gawo lomwelo. Pa mapeto ake palibe amene amakhazika mayi pamphasa. M'malo mwake mumalowa mphekesera, monga yakuti mayi wosiya kusamba akamakhalira limodzi ndi mwamuna wake amatupa mimba. Zimenezi n'zabodza, koma zasokoneza mabanja, pomwe ululu umene amayi ena amamva umachepa ndi mafuta ofewetsera ogulitsidwa m'mafamase.

Nkhaniyi ikukula chifukwa Amalawi akukhalitsa ndi moyo. Chiyambireni boma kupereka ma ARV aulere mu 2004, amayi amene adayamba kumwa ali ndi zaka za m'ma 20 tsopano afika pa msinkhu umenewu. Estrogen ikachepa mafupa amafooka ndipo chiopsezo cha matenda a mtima chimakwera, choncho kuyezetsa BP ndi shuga, kuyenda pansi komanso kudya usipa ndi matemba ndi minga yake yomwe kumathandiza. Mankhwala obwezeretsa mahomoni alipo, koma sayenera aliyense, makamaka amene adadwalapo khansa ya m'mawere, ndipo amafunika dokotala wodziwa bwino.

Unduna wa Zaumoyo sukufunika kumanga nyumba yatsopano. Amayiwa amabwera kale kudzatenga ma ARV, mankhwala a BP kapena kudzaperekeza zidzukulu kusikelo. Mphindi zisanu pa maphunziro a m'mawa amene anamwino amapereka anthu ali pamzere zingakwane kunena zinthu ziwiri: kutentha thupi kwa pa msinkhu umenewu si ufiti, ndipo magazi obwera msambo utaleka si msambo. Sukulu za Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences, zomwe zimasula anamwino ndi madokotala, ziyenera kuonetsetsa kuti wophunzira sakutuluka asanadziwe kufunsa mafunso amenewa, ndipo alangizi a zaumoyo amene amayendera makomo ku Mchesi, Biwi ndi Kawale apatsidwe uthenga womwewo m'Chichewa chomveka.