Gavanala Sata: Nchito Yooneka ndi Nkhongole Yosaoneka

Dzina la malemu Bambo Michael Chilufya Sata likachulidwa mu Katondo, imodzi mwa makomboni a m'tauni ya Kabwe, anthu amagawikana pawiri. Ena amati anali munthu wa nchito amene dziko silidzampezanso. Ena amati anasiyira ana katundu wolemera. Onse awiri akunena zoona, ndipo mlimi wa kumudzi ayenera kumva mbali zonse asanaweruze.

A Sata anabadwira ku Mpika mu 1937. Paunyamata wao anagwirako nchito ya upolisi ndi ya pa njanji. Mu 1983 anasankhidwa kukhala phungu wa Kabwata m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1985 Mtsogoleri Kenneth Kaunda anawaika kukhala Gavanala wa boma la Lusaka. Masiku amenewo Gavanala sanali kusankhidwa ndi anthu ai. Anali diso ndi dzanja la Mtsogoleri wa dziko m'boma lililonse, ndiponso mkulu wa khonsolo. Ambiri a iwo aiwalika kale. Koma a Sata akukumbukika cifukwa sanakhale m'ofesi. Anali kuyendera okha misewu ndi misika, kucotsetsa zinyalala, kutseketsa maenje ndi kumangitsa milatho. Akulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno. Anthu a mu Lusaka anaona nchito ndi maso ao, ndipo mbiri imeneyo inawatsata a Sata moyo wao wonse.

Atacoka m'cipani ca UNIP analowa MMD, nakhala nduna m'boma la Bambo Frederick Chiluba, poyamba yoona za makhonsolo, pambuyo pace za anchito ndi za umoyo. Mu 2001 anayambitsa cipani ca Patriotic Front. Anagonja pa masankho katatu, mu 2001, 2006 ndi 2008, koma sanatope. Mu September 2011 anapambana Bambo Rupiah Banda nakhala Mtsogoleri wacisanu wa Zambia.

Ku State House analamulira monga momwe anali kucitira ali Gavanala: mwacangu ndi mwa lamulo la pakamwa. Anakhazikitsa cigawo catsopano ca Muchinga. Anatsegula maboma ambiri, monga Sinda ndi Vubwi Kum'mawa, kuti munthu asamayende ulendo wautali pokatenga citupa kapena pokaona mkulu wa boma. Mu 2012 anayambitsa nchito yaikuru ya misewu yochedwa Link Zambia 8000.

Kabwe nayenso anakumbukiridwa. Tauni iyi inakula ndi mgodi wa mtovu ndi njanji. Mgodi unatsekedwa mu 1994, ndipo njanji inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia mu 2003. Mu September 2012 boma la a Sata linathetsa pangano limenelo, nilibweza njanji ku Zambia Railways, imene likulu lace lili mu Kabwe momwemo, ndi kuipatsa madola 120 miliyoni. Mabanja a mu Katondo ndi makomboni ena anayembekeza kuti nchito zibwerera.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama zimenezo zinali za nkhongole. Mu 2012 boma linakongola madola 750 miliyoni pa msika wa ku Ulaya, ndipo mu 2014 linakongolanso madola 1 biliyoni. A Sata anamwalirira ku London pa 28 October 2014, masiku anai dziko litangokondwerera zaka 50 za ufulu. Owalowa m'malo anapitiriza kukongola, kufikira mu November 2020 pamene Zambia inalephera kulipira ciongola dzanja. Kwacha ikagwa, feteleza ndi sopo zimakwera mtengo, ndipo amene amamva kuwawa ndi mlimi wa ku Katete pamodzi ndi mai wogulitsa tomato pa msika wa mu Katondo. Njanji nayo, ngakhale inalandira ndalama zija, ikali kufuna kukonzedwa kwakukuru.

Sikoyenera kuwasenzetsa a Sata mlandu wonse, pakuti nkhongole yambiri inadza iwo atapita. Komabe njira anaitsegula ndi iwo. Cangu cimene cinayeretsa Lusaka cinali cabwino pa tauni imodzi, pamene mkulu angathe kuona dzenje m'mawa ndi kulitseka madzulo. Dziko lathunthu limafuna zoposa apo: kuwerengera mtengo nchito isanayambe, kumvera alangizi, ndi kusiya maofesi olimba oti apitirize nchito mwini wace atacoka. Mutu umodzi susenza denga.

Colowa ca a Sata cili pawiri. Anaphunzitsa anthu wamba kuti mtsogoleri ndi wanchito wao, woyenera kufunsidwa za msewu, cipatala ndi msika. Phunziro limenelo lisatayike. Koma pa funso lakuti wamanga ciani, wovota wa lero aonjezepo lina: ndalama zacokera kuti, ndipo adzabweza ndani? Kansala, phungu kapena Mtsogoleri amene angayankhe mafunso onse awiri mosabisa ndiye woyenera kupatsidwa voti, kaya mu Katondo kaya m'mudzi wa kutali ndi tauni.