Chiphaso cha Mfuti Sichiloleza Kuopseza Anthu

Pa madoko a nsomba a m'boma la Nkhotakota, kuchokera ku Chia kukafika ku Dwangwa, ndalama zimayenda ndi manja. Wogula usipa wochuluka amafika nazo m'chikwama, mwini chilimila amalipira anyamata ake pamchenga pomwepo, ndipo munthu woyenda ndi chuma chotere pa msewu wa M5 usiku ali nacho chifukwa chomveka choopera achifwamba. Munthu wotere akapita ku Polisi kukapempha chiphaso chosungira mfuti yaing'ono yam'thumba, nalandira atafufuzidwa bwino, palibe amene angamudzudzule. Mlandu umayamba pamene mfutiyo yafika pagulu.

Pali khalidwe lina lonyansa limene anthu ena okhala ndi ziphasozi amaliyesa ulemerero. Mkangano wa mtengo wa nsomba ukafika povuta, jekete limatseguka, ndipo mayi wogulitsa amaona chitsulo chakuda m'chiuno mwa bwana. Bwanayo sadanene kanthu, sadaloze munthu, koma mtengo watsika. Ku malo omwera mowa, mfuti imaikidwa patebulo pambali pa botolo, ati ikumuswa m'chiuno mwini wake. Wina akadandaula, yankho limakhala lokonzeratu: idangoonekera mwangozi. Bodza limeneli ndi loopsa chifukwa limabwereka nkhope ya choonadi, pakuti ngozi zeni-zeni zimachitikadi. Mwera ukamaomba panyanja umakweza shati la munthu aliyense, ndipo wotsika m'boti kapena wowerama kunyamula dengu sangalamulire nsalu yake nthawi zonse.

Anthu a ku Nkhotakota safunika kuphunzitsidwa ntchito ya mfuti yoonetsedwa. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah adakhazikika pano nakhala Jumbe woyamba, ndipo kwa zaka pafupi-fupi makumi asanu akapolo ankawolotsedwa nyanja m'ngalawa kuchokera pagombe lomweli kupita ku msika wa ku Kilwa. David Livingstone adafika kuno mu 1861 naziona ndi maso ake. Mphamvu ya a Jumbe idali m'mifuti ndi onga zochokera kugombe la kum'mawa. Mzere wa anthu omangidwa m'magoli sunkayenda chifukwa choti mfuti inkalira pa mtunda uliwonse. Kuiona paphewa pa wolondera kunali kokwanira. Ufumuwo udatha pakati pa zaka za m'ma 1890, koma phunziro lake silidathe: mfuti imagwira ntchito yake yaikulu isanaombedwe. Choncho munthu wotsegula jekete padoko nanena kuti sadalakwire aliyense popeza chipolopolo sichidatuluke, akunyoza nzeru za dera lonse.

Lamulo la mfuti m'dziko muno, Firearms Act, lidakhazikitsidwa mu 1967, ndipo maziko ake ndi akuti munthu sasunga mfuti popanda chiphaso. Chiphaso ndi chilolezo chimene Boma limapereka ndipo likhoza kuchilanda. Malamulo Aakulu a dziko a 1994 amateteza moyo wa munthu, ulemu wake ndi chitetezo cha thupi lake, koma mulibe ufulu woyenda ndi mfuti. Mayi wa usipa uja ali ndi ufulu wolembedwa m'Malamulo Aakulu. Bwana wa jekete ali ndi kapepala chabe. Ziwirizi zikawombana, n'zosachita kufunsa kuti chogonja ndi chiti. Nawo malamulo a milandu, Penal Code, amaletsa kuopseza munthu kuti umuchita chiwembu, ndipo sadapatule anthu a ziphaso.

Komabe pali ena, ophunzira ndithu, amene amamva za ku America pa intaneti nayamba kulalikira kuti munthu wa chiphaso asamavutitsidwe mfuti yake ikaoneka. Anthu otere ayenera kuifotokoza nkhaniyo mpaka kumapeto. Ku Texas, lamulo linkalanga munthu wa chiphaso amene walephera dala kubisa mfuti yake. Eni mfuti adadandaula kuti akhoza kumangidwa chifukwa cha mphepo, ndipo mu 2013 mawu adasinthidwa kuti wolangidwa akhale amene waonetsa mfuti dala pamaso pa anthu. Kusintha kumeneko pakokha kudali kwanzeru. Koma kuyambira mu January 2016 a ziphaso adaloledwa kuyenda ndi mfuti poyera, ndipo mu 2021 ngakhale chiphasocho chidaleka kufunika kwa anthu ambiri a zaka 21 kapena kuposerapo. Ku Florida, mu 2011 adalola kuti mfuti ioneke kwa kanthawi kochepa malinga ngati mwini wake sakuionetsa mwaukali kapena moopseza. Mu 2025 bwalo la apilo kumeneko lidagamula kuti kuletsa anthu kuyenda ndi mfuti poyera n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lawo. Anthu a ku America ali ndi ndime yawo ya 1791 yonena za ufulu wosunga zida, ndipo ayende nayo okha. Malawi alibe ndime yotere, ndipo sadzapindula kanthu potengera mathero a mkangano umene chiyambi chake si chake.

Chitsanzo choyenera kuchiyang'ana chili pafupi, m'dziko limene Amalawi ambiri amakagwirako ntchito. Lamulo la South Africa la chaka cha 2000, Firearms Control Act, limanena mosapsatira kuti woyenda ndi mfuti yam'manja pagulu aiike m'chikopa chake chopangidwira ntchitoyo kapena m'chikwama, ikhale yophimbika kotheratu, ndipo mwini wake akhale wotha kuilamulira. Kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chokwanira ndi mlandu, kaya muli zipolopolo kaya mulibe, ndipo kugwira mfuti utaledzera ndi mlandunso. Palibe amene anganene kuti ku Johannesburg mifuti idasiya kulira chifukwa cha ndime zimenezi. Ubwino wake ndi wakuti udindo wobisa mfuti adausenzetsa mwini mfutiyo, osati munthu amene waiona. Nyumba ya Malamulo ya Malawi iyenera kulemba mawu omveka chomwechi, kuti wapolisi wa ku Nkhotakota ndi woweruza milandu wa ku Dwangwa asamachite kulota chimene lamulo likufuna. Ndi mu mzinda wa Blantyre momwemuno m'mene maiko a SADC adasainira pangano loyang'anira mfuti mu August 2001, ndipo mwa zina adagwirizana kuti malamulo awo a mfuti azifanana.

Kusiyanitsa ngozi ndi dala si ntchito yovuta monga mmene oteteza khalidweli amafunira kuti ioneke. Mfumu ya m'mudzi iliyonse imaweruza milandu yovuta kuposa pamenepa. Kodi padali mkangano pamene mfuti idaoneka? Kodi dzanja la mwini wake lidapita ku jekete, kapena ndi mphepo idapitako? Kodi adali atamwa? Nanga atazindikira kuti anthu aona, adachita chiyani? Munthu amene zamuchitikira mwangozi amaphimba msanga, amachita manyazi, ndipo nthawi zambiri amachokapo. Woonetsa dala amayang'ana nkhope za anthu kuti aone ngati uthenga wafika. Woyambayo sayenera kugona m'chitokosi chifukwa cha mwera. Kumuchenjeza ndi kulemba nkhaniyo m'buku la ku Polisi n'kokwanira. Koma ngozi ikachitikira munthu mmodzi katatu, ndipo katatu konseko pali ngongole yoti abweze kapena mtengo woti utsike, chiphaso chilandidwe ndipo nkhani ipite ku khoti.

Dziko lino lidaonapo kumene mfuti ya m'manja mwa munthu wodzimva imathera. Mu December 1993, mkangano umene udayambira pa malo omwera mowa ku Mzuzu udathera pa kuphedwa kwa asilikali a nkhondo ndi anthu a Malawi Young Pioneers, ndipo patangopita masiku ochepa asilikali adayamba kulanda zida za gululo m'dziko lonse pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani. Anthu adafa, nyumba zidaonongeka. Nthawi yomweyo mifuti yotsala ku nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, inkalowa m'dziko muno, ndipo umbava wa zida udakula m'zaka zotsatira. Nyanja imene asodzi a ku Nkhotakota amaponyamo makoka ndi yomweyo imene tsidya lake ndi Niassa. Dera lotere likazolowera kuona mfuti m'chiuno mwa anthu wamba, wapolisi sadzathanso kusiyanitsa wa chiphaso ndi wachifwamba, ndipo mnyamata woona bwana akulemekezedwa chifukwa cha chitsulo adzafuna chake, chiphaso chilipo kapena palibe.

Mawu olemera agwere atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma. Msilikali, wapolisi, ndi mlonda wa nyama m'nkhalango ya Nkhotakota amanyamula mfuti poyera chifukwa avala yunifomu, ali pa ntchito, ndipo ali ndi mkulu wowafunsa za chipolopolo chilichonse. Wapampando wa Chipani kapena mkulu wa ofesi akakhala ndi mfuti yake-yake, pamaso pa lamulo ndi munthu wamba, ndipo akaionetsa pamsika anthu saona iye yekha, amaona Boma likuwaopseza. Wapolisi amene amang'amba dandaulo la mayi wosauka chifukwa wodandaulidwayo ndi munthu wodziwika, kapena mlembi amene amafulumizitsa chiphaso cha mnzake wodziwika ndi ukali wa mowa, akuthandiza kusula mlandu wakupha umene sunachitike. Dandaulo lililonse lotere lilembedwe, mboni za padoko zifunsidwe tsiku lomwelo zisanabalalike kupita panyanja, ndipo buku limenelo litsegulidwe pa tsiku limene mwini mfuti abwera kudzapempha kuti chiphaso chake chipitirire.