Mpatseni Chipinda, Osati Satifiketi

Dziko lino likuoneka kuti limadziwa njira imodzi yokha yothandizira achinyamata ojambula ndi osema: kuwaitanira ku wekishopu. Bungwe likapeza ndalama kwa opereka thandizo, limasonkhanitsa anyamata ndi atsikana makumi awiri kuhotela ya kunyanja. Tsiku loyamba limathera mapemphero, malonje ndi kudikira mlendo wolemekezeka. Lachiwiri katswiri wa muofesi, amene sadagwirepo bulashi chibadwire, amawaphunzitsa kalembedwe ka pempho la ndalama. Lachitatu amasainira alawansi, kujambulitsa chithunzi cha gulu ndi kulandira satifiketi. Akabwerera ku Ndirande kapena ku Mchesi amakapeza chipinda chomwe chija chogona anthu anayi, chopanda ndi poimika chinsalu pomwe. Ndagwira ntchito m'boma zaka zokwanira kudziwa m'mene malipoti a misonkhano yotere amakomera powerenga.

Izi n'zachibwana. Wojambula amene akuyamba kumene amasowa malo oti asiye ntchito yake usiku n'kudzaipeza m'mawa mwana asadaitayire phala. Amasowa penti woti akamuwononga asagone ndi njala. Koposa zonse amasowa miyezi ingapo ali pafupi ndi wamkulu wa luso lomwelo, woti aime kumbuyo kwake n'kumuuza mosapsatira kuti mkono wajambulawu ndi wa munthu wothyoka. Anzathu akunja kubindikira kotereku amakutcha residency, ndipo ife tikamva dzinalo timayesa n'chinthu chofuna ndege. Chonsecho makolo athu ankachita zomwezo. Mwana wofuna kusula ankayamba ndi kupopa mvukuto pachipala, maso ali padzanja la mmisiri, mpaka tsiku lomupatsa nyundo. Mtsikana ankaphunzira kuumba mbiya poswa mbiya zambiri pambali pa agogo ake. Palibe adatuluka kumeneko ndi satifiketi.

Umboni tili nawo pakhomo pomwe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, adayambitsa malo a KuNgoni ku Mua m'boma la Dedza. Chimene adapereka kwa osema ndi pogwirira ntchito, zida, mitengo, diso loyang'ana ntchito yawo ndi njira yofikira ogula. Zotsatira zake aliyense angathe kukaziona m'matchalitchi ambiri a dziko lino. Ku Zimbabwe, mlimi wa fodya Tom Blomefield adatsegula Tengenenge mu 1966 pafamu yake, pomwe padali mwala wosemeka. Ambiri mwa amene adayamba kusema kumeneko adali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia, dzina lake lidamveka kutsidya kwa nyanja kuchokera pamenepo. Taganizirani: abale athu amene adapita kukathyola fodya wa eni adasanduka osema otchuka atangopatsidwa mwala, tchizulo ndi mthunzi. Kwawo kuno luso lomwelo likadafera m'manja.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo akunena zoona. Malo awiri onsewa adayambitsa ndi azungu, ogula ambiri adalinso azungu, ndipo wogula ndiye amaongolera dzanja la wosema. Koma mawu amenewa akutitsutsa ife tomwe. Tidalandira ufulu mu 1964. Kuyambira pamenepo, ndi Amalawi angati opeza bwino, omanga nyumba zosanja ndi malo ogona alendo, amene adapatulapo chipinda chimodzi kuti mwana wojambula azigwiriramo ntchito? Tikudikira wansembe wina?

Komanso si zoona kuti zotere amatha ndi azungu okha. Ku South Africa, nthawi ya tsankho ili pachimake, David Koloane ndi anzake adayambitsa Thupelo mu 1985. Nayonso inkatchedwa wekishopu, koma kumeneko anthu ankakhala limodzi sabata ziwiri zathunthu, manja ali mupenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wamkulu ndi wamng'ono akuonerana ntchito. Ataona kuti sabata ziwiri sizikwana, mu 1991 adatsegula Bag Factory mumzinda wa Johannesburg, fakitale yakale ya matumba imene adaigawa zipinda za ojambula. Nzeru yake idali yomweyo, denga ndi nthawi.

Ife timakonda kukolola. Mu 2022, chiboliboli cha John Chilembwe chimene adapanga Samson Kambalu chitaimikidwa pa Trafalgar Square ku London, tidaomba m'manja ngati tidasonkhako. N'zoona kuti Kambalu adadzera ku Chancellor College, koma adakakhwimira ku Britain. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre, amene amasoka zithunzi ndi nsalu za silika, ntchito yake idakulira ku Johannesburg. Inde mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma dziwe loyamba liyenera kukhala ndi madzi.

Wina ati mwayi wopita kunja ulipo wambiri, achinyamata angofunsira. Ayesere iyeyo. Pamafunika kalata ya Chingerezi chosalala yofotokoza tanthauzo la ntchito yako, zithunzi zojambulidwa bwino za ntchitoyo, intaneti yotumizira, pasipoti, chitupa cholowera m'dziko la eni, kawirikawiri ndi munthu wodziwika wokuchitira umboni. Sefa imeneyi imadutsa mwana wa m'tauni amene adafika ku yunivesite. Mnyamata wosema mipando m'mbali mwa msewu, ngakhale dzanja lake litaposa onsewo, amatsalira pamwamba ngati gaga.

Ndipo iyeyo ndiye akundidetsa nkhawa. Pitani paliponse pogulitsira alendo ziboliboli, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Senga Bay. Mukapeza njovu yomweyo, mayi yemweyo wosenza mtsuko, dzuwa lomwelo likulowa panyanja msodzi ali m'bwato. Sikuti anawa alibe maganizo ena. Munthu amene ndiwo za lero zikudalira chimene wasema lero sangayese chachilendo, poti chikapanda kugulidwa ana agona ndi njala. Motero phingo akutha m'nkhalango kusemera njovu imodzimodzi. Chimene miyezi yobindikira imamugulira wachinyamata ndi ufulu wowononga, kuyesa chinthu n'kulephera n'kuyambiranso, nsima ili yotsimikizika.

Nawonso akuluakulu a luso asadzipatule. Alipo amene amasunga anyamata zaka zambiri akungokwecha ndi kupaka polishi wa nsapato, osawalola kugwira sompho, kuopa kuti angawalande makasitomala. Kumeneko ndi kuweta antchito aulere. Komabe sindiwaweruza kwambiri, chifukwa namkungwi naye amadya. Ngati tikufuna kuti mmisiri apereke chimene adachivutikira zaka makumi atatu, alipidwe monga timalipirira katswiri wa pahotela uja. Inunso alembi anzanga, amene mumafuna chikuto chokongola cha buku koma wojambula n'kumulipira zikomo, nkhaniyi ikukukhudzani.

Funso lalikulu ndi lodziwika: dziko losowa mankhwala m'zipatala, lomwe namondwe Freddy adaligwetsa mu 2023, lingamataye ndalama pa penti? Ine sindikupempha ndalama zatsopano. Tengani za wekishopu imodzi yokha: zipinda makumi awiri za hotela, chakudya, mafuta a galimoto, alawansi ya otsogolera, chikwangwani cha pakhomo. Werengerani nokha kuti zingalipire lendi ya nyumba wamba miyezi ingati. Mwina ndi lendi yomwe siyofunika. Boma ndi makhonsolo ali ndi nyumba ndi mosungira katundu mmene mukugona mileme, ndipo makoleji a aphunzitsi amakhala pululu nthawi ya tchuthi. Chovuta n'chakuti nyumba yokhala ndi ojambula anayi siyibala alawansi kwa wina aliyense, ndipo mlendo wolemekezeka alibe poti adzatsegulire kawiri pachaka.

Ndikadakhala ndi mphamvu yosaina, ndikadayambira ku Dedza, pafupi ndi mapanga a Chongoni, amene UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006 kaamba ka zithunzi zimene makolo adajambula pamiyala m'malo 127. Nyumba imodzi, achinyamata anayi, awiri mwa iwo atsikana, mmisiri mmodzi wolipidwa, miyezi isanu ndi umodzi. Posankha, aliyense abwere ndi ntchito yake m'manja, aiike pansi, akuluakulu aizungulire. Wofuna kufotokoza afotokoze m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka.