Thupi la mayi silizolowera ma ARV

M'magulu a WhatsApp ndiponso pamizere ya kusikelo mukuyenda uthenga woti mayi akamwa ma ARV zaka zambiri thupi limawazolowera, choncho azipumirako, makamaka mwana akaleka kuyamwa. Ena akuti n'chifukwa chake boma linasintha mankhwala mu 2019. Limeneli ndi bodza, ndipo lingapulule anthu.

Chimene chimasiya kumva mankhwala ndi kachilombo. HIV imaswana mofulumira kwambiri, ndipo mwa tizilombo tatsopanoto mumapezeka tina tosinthika pang'ono. Mankhwala akakhala okwanira m'magazi kuswanako kumaima, moti palibe mpata wosinthira. Akachepa, tofooka timafa, tolimba n'kutsala tikuchulukana. Kupumira kumene anthu akulimbikitsaku ndiko kumatsegula mpata umenewo.

Amayi zinawaonekerapo kale. Poyamba mayi woyembekezera ankapatsidwa piritsi limodzi la nevirapine nthawi yochira ikakwana. Linkapulumutsa ana ambiri, koma linkatsala lokha m'magazi masiku angapo likutha pang'onopang'ono, ndipo mwa amayi ochuluka kachilombo kanaleka kulimva. Malawi itayambitsa Option B+ mu 2011, yoti mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amwe mankhwala moyo wake wonse, inatseka dzenje limeneli. Lipoti la WHO la 2019 linapeza kuti m'mayiko 12 mwa 18 amene anafufuzidwa, anthu oposa 10 pa 100 alionse oyamba mankhwala anali kale ndi kachilombo kosamva mankhwala a efavirenz ndi nevirapine, ndipo vutoli linali lalikulu mwa amayi kuposa abambo. Tinasamukira ku dolutegravir pachifukwa chimenecho: kachilombo kamavutika kuti kamugonjetse. Panalibe thupi limene linatopa.

Tisanamizane, ngakhale dolutegravir amagonja mwa anthu ochepa. Koma tayang'anani kumene mankhwala amachepera m'magazi a mayi. Botolo labisidwa m'thumba la ufa poopa bambo amene sanauzidwe, ndiye tsiku limene bamboyo wagona pakhomo piritsi silimwedwa. Wina wapita kukachilira kwa mayi ake kumudzi opanda kalata yosamutsira, mankhwala n'kuthera m'chikuta. Palinso ichi chimene ambiri sauzidwa: mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo akamwedwa pamodzi ndi dolutegravir m'mimba mulibe kanthu, amamulepheretsa kulowa bwino m'thupi. Mayi azimwa atadya, kapena afunse namwino za nthawi yosiyanitsira.

Ofalitsa uthengawu amaloza mnzawo amene viral load yake, kapena kuti kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, inakwera. Kukwerako sikutanthauza kuti mankhwala afika pothera. Ikapitirira 1,000, achipatala amayamba akhala naye pansi mayiyo kuti amve chimene chikumulepheretsa, kenako amayezanso pakatha miyezi itatu. Ambiri imatsika ali pa mankhwala omwewo. Ikakana kutsika m'pamene amafufuza ngati kachilombo kasinthadi, ndipo mankhwala ena oti asinthireko alipo.